Jakisoni saumitsa mkazi, ndipo wosafuna mwana si wodwala

Ndatopa nawo mawu akuti "jakisoni waumitsa akazi athu". Ndimawamva pa benchi ya sikelo, pa maliro, mu minibasi ya ku Bangula, ndipo masiku ano ngakhale anthu opita kusukulu akuwanena mosaphethira. Ndine namwino komanso mzamba, ndipo za kulera ndiyo ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku kuno ku chigwa cha Shire. Mawu amenewa ndi abodza, ndipo bodza lake likuvulaza anthu.

Zoti ana akubadwa ochepa kusiyana ndi kale, zimenezo n'zoona. Kafukufuku wa zaumoyo amene amachita a National Statistical Office a ku Zomba anapeza kuti mu 1992 mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 tikatenga avareji. Mu 2010 anali 5.7, ndipo pofika 2015-16 anali 4.4. M'zaka zomwezo amayi apabanja ogwiritsa ntchito njira zamakono zolerera anachoka pa 7 mwa 100 alionse kufika pa 58. Ena akaona manambalawa amathamangira kunena kuti mankhwala awononga ziberekero. Ayi ndithu. Anthu asankha okha, njira zolerera zangowathandiza kuchita zimene mtima wawo wafuna. Dimba limene agogo ankalima okha lero akugawana adzukulu khumi. Madzi osefukira a 2015, namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 anasiya mabanja a ku Makhanga ndi madera ena a ku East Bank m'makampu. Mayi amene wagonapo m'kalasi ya sukulu ndi ana asanu ndi awiri, chakudya chochita kudikira pamzere, sadikira kuti namwino amuuze zolera. Amabwera yekha.

Komanso sitikutha. Kalembera wa 2008 anapeza anthu 13.1 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.6 miliyoni. Nkhani mumamva pa wailesi zoti mayiko akusowa ana ndi za kwina, monga South Korea kumene mu 2023 avareji inatsika kufika 0.72. Lathu ndi vuto lina: kafukufuku wa 2015-16 yemwe uja anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Amenewa ndiwo amandisowetsa tulo m'chipinda chochirira.

Za jakisoni wa Depo ndinene kamodzi momveka. Amagwira ntchito miyezi itatu, koma mukasiya kubayitsa thupi limachedwa kubwerera mwakale. Ena amatenga pakati patatha miyezi yochepa, ena amafika chaka. Kuchedwa kumeneku si kuuma. Msambo umene unasiya sunaunjikane m'mimba ngati mmene amanenera pa mjigo. Mkati mwa chiberekero simunakhuthale, ndiye panalibe choti chituluke. Za pamkono, Implanon wa zaka zitatu ndi Jadelle wa zaka zisanu, komanso lupu, zikangochotsedwa mayi atha kutenga pakati mwezi wotsatira womwewo.

Tsono pali anthu amene m'mudzi safuna n'komwe kumva kuti alipo: amene safuna mwana ngakhale mmodzi. Ndi ochepa, koma alipo, ndipo amalankhula monong'ona chitseko chikatsekedwa. Sadwala, sanalodzedwe, ndipo palibe mankhwala oti ndiwapatse kuti ayambe kufuna. Chimene ndimachita n'kuwafunsa mofatsa, n'kuwalangiza kuti ayambe ndi lupu kapena za pamkono, chifukwa kutseka sikubwezeka ndipo mtima wa munthu wa zaka 24 nthawi zina umasintha. Ukapanda kusintha, ndi moyo wake.

Mayi wina wa kutsidya kwa Shire samandichoka m'mutu. Makolo ake anamwalira iye ali mtsikana wamng'ono, ndipo analera abale ake anayi ndi maganyu a m'minda ya mpunga ndi kugulitsa nsomba zouma. Tsiku limene anabwera kudzaikitsa za pamkono anandiuza kuti, "Anesi, ine kulera ndinalera kale. Ana anayi ndawakuza ndi manja awa. Wanga sindikumufuna." Mwamuna wake ankadziwa, anagwirizana nazo asanakwatirane, ndipo anamuperekeza yekha tsiku limenelo. Koma ng'ombe za lobola zinali zitapita, ndipo kwa achibale a mwamuna ng'ombe zikapita payenera kubwera mwana. Zaka zitadutsa apongozi anayamba kumutchula chumba. Ankhoswe anakhala pansi, mwamuna ali chete. Kenako anamutengera kwa sing'anga, amene anamutema mphini, kumupatsa zakumwa, ndi zina zoti aziika kumaliseche usiku ulionse kuti "njira itseguke". Iye anamvera poopa kuulula chinsinsi cha m'nyumba mwake.

Atayamba kutentha thupi ndi kutuluka zonunkha, sing'anga anati ndi zoipa zikuchoka, apirire. Anapirira kupitirira sabata. Pofika kwa ife, atawoloka pa bwato n'kukwezedwa njinga yamoto, mimba inali itauma gwa, mafinya atadzaza m'chiuno. Tinamutumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, kumene anamuchita opaleshoni. Moyo anapulumuka, koma movutikira kwambiri, ndipo banja linatha. Ndinamufunsa mwamunayo pakhonde kuti, "Bambo, bwanji simunawauze amayi anu kuti munagwirizana?" Anayang'ana pansi n'kuti, "Anesi, akanati mkazi wandidyetsa khuzumule." Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mayi ameneyu analibe matenda alionse tsiku limene anamutengera kwa sing'anga. Abambo, mukagwirizana ndi mkazi wanu zochedwa kubereka kapena zosabereka, kauzeni abale anu ndi pakamwa panu. Musamusiye asenze yekha.

Bodza la jakisoni likupwetekanso amene akufunadi mwana koma zikukanika. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake. Amenewa akauzidwa kuti "ndi jakisoni uja unabayitsa kale", amangokhala kudikira, kapena kuzungulira asing'anga mpaka kutsidya la Mozambique, mbuzi ndi njinga kuthera komweko, chimene chikuwalepheretsa chisanafufuzidwe. Zimene timapeza ife ndi zina. Matenda opatsirana pogonana monga chinzonono ndi chlamydia akapanda kuchizidwa bwino amatseka machubu odutsa mazira, ndipo mwa akazi ambiri saonetsa chizindikiro chilichonse. Makapisozi awiri ogula pa okala sachiza, amangoziziritsa. Kuchotsa pakati ndi zitsamba kapena timitengo kumasiya zipsera mkati. Pali zotupa za m'chiberekero. Ndipo kuno kwathu pali likodzo, limene anthu amaliona ngati matenda a anyamata okodza magazi basi. Mayi amene amachapa ndi kusamba mu Shire, kapena kulima m'madimba a ku Elephant Marsh, mazira a likodzo atha kukhazikika pa khomo la chiberekero ndi m'machubu, n'kumatuluka magazi pogonana, n'kumaganiziridwa zachiwerewere. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'masukulu, koma sangabweze chubu limene linatsekeka kale. N'chifukwa chake ndimakalipa pa za kuchedwa.

Abambo nawonso, tamverani. Pa mabanja amene akulephera kubereka, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna. Kukhala ndi mphamvu pa mphasa sikutanthauza kuti umuna uli ndi mbewu zokwanira, ndipo mwana amene munabereka kwina zaka khumi zapitazo si umboni wa lero. Kuyeza umuna n'kosavuta, kulibe mpeni, koma amuna ambiri amatumiza mkazi yekha ndi buku la kuchipatala, iwo n'kukwatira wachiwiri. Za kulowetsa fisi m'nyumba ndiye musayese n'komwe. Ndaona HIV ikulowa m'banja mwa njira imeneyi, mwana osapezekanso.

Ngati mwatha chaka mukugonana osalera ndipo pakati sipakubwera, bwerani nonse awiri. Ngati mayi wapitirira zaka 35, musadikire chaka, miyezi isanu ndi umodzi yakwana. Ngati munali pa Depo, yambani kuwerenga kuchokera pamene mphamvu ya jakisoni womaliza inathera, ndipo mutiuze zoona za tsiku lake. Chilichonse chimene wina wakupatsani kuti muziika kumaliseche, kaya ndi masamba, ufa wa mizu kapena mwala, chitayeni, ndipo ngati munaika kale tiuzeni, sitikumenyani. Kutentha thupi pamodzi ndi kupweteka m'munsi mwa mchombo kapena kutuluka zonunkha si zoti mugone nazo. Ndipo mayi amene wadumphitsa msambo n'kumva kubaya mbali imodzi ya chinena, chizungulire, kapena kukomoka, atha kukhala ndi pakati pokhala m'chubu, ndipo chubu likaphulika magazi amatayikira mkati mosaoneka. Ameneyo musamudikiritse kuti kuche kapena kuti ankhoswe abwere. Pezani njinga usiku womwewo mupite naye ku chipatala chimene chili ndi fiyeta yochitira opaleshoni, monga cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje.