Dooko la Wallingford ndi mlatho umene unalilanda msewu

Kumtunda kwa London, mtsinje wa Thames unali ndi malo owerengeka amene munthu ankatha kuwoloka wapansi, ng'ombe ndi ngolo zili pambuyo. Amodzi mwa malowo anali pa Wallingford, kumwera kwa Oxford. Amene wagwira dookoli ndiye ankalamulira aliyense wofuna tsidya lina, kaya wamalonda kaya wankhondo.

Mfumu Alfred ya ku Wessex, ufumu wa kumwera kwa England, inazindikira zimenezi pamene inkalimbana ndi Aviking, ankhondo apanyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya, chakumapeto kwa zaka za m'ma 800. Inazinga mudziwo ndi mpanda wadothi ndi ngalande, ndipo m'kaundula wa malinga a nthawiyo Wallingford anaikidwa mulingo umodzi ndi Winchester, mzinda wa mfumu yeniyeniyo. Mbali ya mpandawo ikuonekabe mpaka lero.

Mu 1066, William wa ku Normandy, kumpoto kwa France, amene anabwera kudzalanda England, atapambana nkhondo ya ku Hastings pa 14 Okutobala, anapeza mlatho wa London uli wotchingidwa. Anatentha Southwark, nalondola mtsinje chokwera mpaka pa Wallingford, pomwe anawolotsa asilikali ake popanda womuletsa. Pomwepo Stigand, mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury, anabwera kudzamugonjera. William anazungulira London chakumpoto, ndipo pa Khirisimasi chaka chomwecho anavekedwa ufumu. Sanaiwale pamene anawolokera: anauza Robert D'Oyly, mmodzi wa akuluakulu ake, kuti amangepo linga.

Lingali linaonetsa mphamvu zake pa mkangano wa ufumu pakati pa Mfumu Stephen ndi msuweni wake Matilda. Mu Disembala 1142 Matilda anathawa ku Oxford usiku, nawoloka Thames madzi ataundana ndi chisanu, n'kukabisala ku Wallingford kwa Brian Fitz Count, amene ankayang'anira lingalo. Stephen anazinga lingalo kangapo koma silinagwe. Mu 1153 magulu awiriwa anayang'anizana pamtsinje pomwepa, akuluakulu a mbali zonse n'kukana kumenyana, ndipo panayambira mgwirizano woti Henry, mwana wa Matilda, ndiye adzalowe ufumu. Atalowadi, mu 1155 anapatsa Wallingford chikalata cha ufulu wodziyendetsera zinthu zake. Pofika nthawiyo pa dookopo panali patamangidwa kale mlatho.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti tauni imene inakanika mfumu ndi asilikali ake inadzafooka popanda muvi ngakhale umodzi. Mliri wa mu 1348 ndi 1349 unapha anthu ambiri, inde, koma unapha paliponse ndipo matauni ena anadzukanso. Bala losapola linachokera kwa anansi. Mu 1416 anthu a ku Abingdon, kumtunda pang'ono, anayamba kumanga milatho yawo pa Abingdon ndi pa Culham, n'kuilumikiza ndi msewu wokwezeka wodutsa m'dambo. Wamalonda wina dzina lake Geoffrey Barbour anaikapo ndalama zambiri. Apaulendo ochokera ku London kupita ku Gloucester, pamodzi ndi ogulitsa ubweya wa nkhosa, anapeza njira yachidule ndiponso youma. Kodi ndani akanazunguliranso ku Wallingford? Msonkho wa pamlatho unachepa, msika unazilala, nyumba zogona alendo zinasowa ogonamo.

Linga lokha ndilo linatsala ndi ulemu. Pa nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa mfumu ndi nyumba ya malamulo linagwirira mbali ya Mfumu Charles I mpaka linagonja mu 1646, ndipo mu 1652 boma linalamula kuti ligwetsedwe. Abingdon ndiye anakula, mpaka anadzakhala likulu la chigawo cha Berkshire.