Kuyeza nthunzi kumalo a madzi oundana

Mutatenga nthunzi yonse imene ili mu mpweya pamwamba pa malo amodzi n'kuisandutsa madzi, kumadera otentha a pafupi ndi equator madziwo angakwane mamilimita 50 kuya kwake. Pa siteshoni ya Concordia ku Antarctica, kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, m'nyengo yozizira, safika n'komwe milimita imodzi. Ife oyeza nyengo mutu umatiwawira pomwepa. Chinthu chofuna kuyezacho n'chochepa zedi, ndipo masiteshoni oulutsa zibaluni zoyezera mpweya, monga Ny-Ålesund pa zilumba za Svalbard kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndi owerengeka.

Masetilaiti okhazikika pamwamba pa equator, pa mtunda wa makilomita 36,000, saona bwino madera oundana a kumpoto ndi kummwera kwenikweniwa. Timadalira ozungulira dziko modutsa kumpoto ndi kummwera, monga Metop, amene amayenda makilomita pafupifupi 800 m'mwamba, maulendo 14 pa tsiku. Dzuwa nalo silithandiza, poti usiku wa kumeneko umatha miyezi. Choncho timatchera khutu ku mafunde a microwave, mtundu wa mafunde a wailesi, amene nthaka, nyanja ndi mpweya zimatulutsa zokha.

Pa nyanja yosaundana ntchito imayenda bwino: madzi amatulutsa mafunde ofooka, ndiye nthunzi imaonekera msanga pa mafunde a 22 GHz (GHz ndi muyeso wa kuchuluka kwa mafunde pa sekondi). Madzi oundana ndiwo amasokoneza. Mafunde ake ndi amphamvu, komanso sakhala chimodzimodzi; oundana chaka chino amasiyana ndi a zaka zambiri, chipale chikagwa pamwamba zasinthanso. Kuli ngati kumvetsera munthu akunong'ona m'chigayo.

Akatswiri a pa yunivesite ya Bremen ku Germany anakonza njira yogwiritsa ntchito mafunde a pafupi ndi 183 GHz, amene nthunzi imawameza kwambiri. Amayerekeza miyezo ya pa ma GHz atatu oyandikana kuti phokoso la pansi lizichotsana lokha, patsale la nthunzi. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti njirayi imatheka chifukwa cha kuuma komweko. Mpweya ukakhala wachinyezi, nthunzi imatchinga zonse ndipo setilaiti siona mpaka pansi. Nthunzi ikapitirira mamilimita pafupifupi 7, miyezo imayamba kuvuta, makamaka kumene pansi si nyanja youndana.

Tsono masiku achinyeziwo ndi amene timafunitsitsa kuwayeza, chifukwa nthunzi imasunga kutentha ngati bulangeti. Mu March 2022 mpweya wachinyezi wochokera kunyanja unalowa mkati mwa Antarctica, ndipo pa Concordia kuzizira kunachepa kufika pafupifupi madigiri 12 pansi pa ziro, madigiri pafupifupi 40 pamwamba pa mmene kumakhalira mwezi umenewo.