Kukonza dongosolo la malabotale oyeza TB m'dziko: mafunso ndi mayankho

Tikamati dongosolo la malabotale, tikunena chiyani?

Tikunena za malabotale onse oyeza chifuwa chachikulu m'dziko, akamagwira ntchito molumikizana: aliyense akudziwa gawo lake, akudziwanso kotumiza zimene sangathe kuyeza. Maiko ambiri amawaika m'magawo atatu. Pansi pali a zipatala zazing'ono ndi za m'maboma, omwe amalandira makhololo n'kuwayeza ndi makina achangu kapena maikulosikopu. Pakati pali a m'zigawo, omwe amameretsa tizilombo, ntchito yomwe a m'labotale amati kalicha. Pamwamba pali labotale yaikulu ya dziko, yomwe imayeza TB yosamva mankhwala mwakuya, kuphunzitsa antchito ndi kuyang'anira ena onse. Nayonso ili ndi woiyang'anira: kuyambira 1994 bungwe la WHO lili ndi malabotale othandiza maiko angapo, ndipo mu Africa ena mwa iwo ali ku Kampala ndi ku Johannesburg.

Maikulosikopu yathandiza zaka zambiri. Yalakwa chiyani?

Siona tizilombo tikakhala tochepa. Kuti tioneke pagalasi, pamafunika tizilombo 5,000 mpaka 10,000 mu mililita imodzi ya makhololo, ndiye ana ndi anthu omwe ali ndi HIV, amene kawirikawiri amatulutsa tochepa, amabwerera kunyumba atauzidwa kuti alibe matenda. Sinenanso ngati tizilomboto tikumva mankhwala. Makina a Xpert MTB/RIF, omwe WHO inavomereza mu 2010, amapeza TB pasanathe maola awiri n'kuonetsa ngati ikumva mankhwala a rifampicin. WHO inavomerezanso njira zina zachangu: Xpert Ultra mu 2017, Truenat mu 2020. Pamsonkhano wa United Nations wa 2023 maiko analonjeza kuti pofika 2027 aliyense wopezeka ndi TB azikhala atayamba wayezedwa ndi njira zachanguzi. M'chaka cha 2023 chomwecho, omwe anayezedwa chotere anali 48 pa 100 alionse.

Koma musataye maikulosikopu. Makina achangu amaona DNA, ngakhale ya tizilombo takufa, choncho sangakuuzeni ngati wodwala akuchira. Kuyeza wodwala pa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi wa chithandizo kumafunabe galasi ndi munthu wodziwa kuliwerenga.

Timadziwa bwanji kuti tigule makina angati?

Yambani ndi anthu, makina abwere pambuyo. Tengani kaundula wa oganiziridwa kuti ali ndi TB, muone omwe analembedwa chaka chatha pachipatala chilichonse, muonjezere omwe mukuyembekezera kupeza mukayamba kufufuza m'midzi, m'ndende ndi m'zipatala za ma ARV. Kenako werengerani chomwe makina angathe. GeneXpert (makina oyezera mayeso a Xpert) yodziwika kwambiri ili ndi ma module anayi, kutanthauza zigawo zinayi zomwe chilichonse chimayeza makhololo a munthu mmodzi pa nthawi, ndipo pa tsiku la maola 8 module iliyonse imayeza katatu kapena kanayi, kutanthauza makhololo 12 mpaka 16.

Tiyerekeze kuti boma lina likuyembekezera anthu 6,000 pachaka, ndipo labotale imatsegula masiku 250. Pa tsiku ndi anthu 24. Papepala makina awiri akukwana ndendende, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Makhololo sabwera mofanana tsiku ndi tsiku: njinga yamoto ikafika Lachiwiri ndi timabotolo 50, Lachitatu makina amakhala osagwira ntchito mokwanira kapena amapanikizika ndi zotsala. Module imodzi ikafa, mwatsala ndi zitatu mwa zinayi. Mayeso ena amalephera ndipo amabwerezedwa. Ngatinso makina omwewo akuyeza kuchuluka kwa HIV m'magazi kapena makanda obadwa kwa amayi omwe ali ndi kachilombo, zimenezo zilowe m'chiwerengero kuyambira pachiyambi, apo ayi a TB ndi a HIV adzayamba kulimbirana makina. Siyani mpata. Makina odzaza tsiku lililonse amaunjika makhololo m'furiji, pomwe makina oyeza makhololo a anthu atatu okha pa tsiku ndi chizindikiro choti anaikidwa polakwika kapena kuti makhololo sakuwafikira.

Nanga aikidwe kuti?

Jambulani mapu osonyeza zipatala zonse, chiwerengero cha odwala, misewu, ndi nthawi yeniyeni yoyenda m'nyengo yamvula, osati makilomita okha. Mukatero onani nyumbayo. GeneXpert imafuna magetsi osathimathima, chipinda chosapitirira madigiri 30, ndi malo opanda fumbi. Makatiriji ake, timabokosi tothiramo makhololo tisanalowetsedwe m'makina, amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 28. Magetsi akathima mayeso ali mkati, katiriji yatayika, choncho batire yosunga moto kapena sola ndi mbali ya mtengo wa makina. Kumalo otentha opanda magetsi odalirika, Truenat imayenera bwino chifukwa imayendera batire ndipo imapirira mpaka madigiri 40, kungoti ili ndi masitepe ambiri ochitidwa pamanja, ndiye woyeza ayenera kuphunzitsidwa mokwanira.

Chipatala chopanda makina chizitani?

Chizitumiza makhololo, osati wodwala. Munthu wotsokomola, wopanda ndalama yoyendera, mukamuuza kuti apite yekha kuboma nthawi zambiri sapita. Apa ndi pomwe dongosolo limalimba kapena kugwa, ndipo ndi gawo lomwe limaiwalika pa bajeti chifukwa mafuta a njinga saoneka ngati makina atsopano.

Chipatala chilichonse chidziwe labotale yake ndi masiku omwe wonyamula amabwera, makamaka kawiri pa sabata kapena kuposa. Kabotolo kalembedwe dzina ndi nambala pambali, osati pachivindikiro, chifukwa zivindikiro zimasinthana. Kamangidwe ndi katatu: kabotolo kotsekedwa bwino ndi kokulungidwa ndi thonje kapena pepala lomwa madzi, kenako thumba kapena chitini chosadontha, kenako bokosi lolimba lozizira. Mafomu akhale m'thumba lawolawo. Makhololo opita ku GeneXpert angathe kukhala masiku atatu popanda furiji ngati kutentha sikupitirira madigiri 35, kapena mpaka masiku 10 m'furiji. Opita kukalicha ndi osachedwa kuonongeka: akhale ozizira ndipo afike m'masiku atatu, chifukwa akachedwa tizilombo tina ta mkamwa timachulukana n'kukwirira ta TB.

Ndipo wonyamulayo asabwerere chimanjamanja. Zotsatira zomwe zagona m'labotale sizinathandize aliyense. Mapulogalamu monga GxAlert ndi DataToCare amatumiza zotsatira pafoni makina akangomaliza, koma payenera kukhala munthu wodziwika dzina amene ntchito yake ndi kutsata wodwalayo mpaka ayambe mankhwala.

Kalicha ikhale paliponse?

Ayi. Ndi yodula, ndipo ndi yoopsa kwa antchito chifukwa tizilombo timachulukitsidwa dala. Imafuna chipinda chomwe mpweya umalowera mbali imodzi n'kusinthidwa ka 6 mpaka ka 12 pa ola, kabati yotetezera yomwe imayesedwa chaka ndi chaka, ndi makina ophera tizilombo ndi nthunzi. Malabotale ochepa ogwira bwino amaposa ambiri omwe makabati awo sanayesedwe. Pa makina a MGIT, omwe amachita kalicha ya m'madzi, tizilombo timamera kawirikawiri m'sabata imodzi mpaka masabata atatu, koma kuti anene kuti mulibe amadikira masiku 42. Pa Löwenstein-Jensen, kalicha yomeretsa tizilombo pa chakudya cholimba, amadikira masabata 8.

Makina akasonyeza kuti rifampicin sakugwira, chotsatira n'chiyani?

Wodwala ayambe chithandizo cha TB yosamva mankhwala, osadikira kalicha, ndipo makhololo ena atengedwe tsiku lomwelo kukayeza ngati tizilombo tikumva mankhwala ena a TB, isoniazid ndi ma fluoroquinolone. Xpert MTB/XDR, yomwe WHO inavomereza mu 2021, imachita izi mwachangu, koma imafuna ma module atsopano oona mitundu 10 ya kuwala. Akale a mitundu 6 saiwerenga, ndiye funsani musanaitanitse makatiriji. Mankhwala atsopano monga bedaquiline amayezedwa ku labotale yaikulu. Njira yonseyi ilembedwe pa pepala limodzi lomata pakhoma, losonyeza choyamba, chotsatira, ndi wotumiza.

Nanga amene sangatulutse makhololo?

Ana angayezedwe chimbudzi pa Xpert Ultra. Odwala kwambiri omwe ali ndi HIV angayezedwe mkodzo ndi LF-LAM pabedi pomwepo, zotsatira m'mphindi 25. Izi ziikidwe m'mawodi, osati kutsekeredwa m'labotale.

Tingadziwe bwanji kuti zotsatira ndi zoona?

Pali zizindikiro zomwe woyang'anira aziona mwezi ndi mwezi. Mayeso a GeneXpert olephera asapitirire 5 pa 100. Akakwera, onani kaye fumbi m'masefa, kutentha kwa chipinda, ndi kasakanizidwe: madzi osungunulira amathiridwa magawo awiri pa gawo limodzi la makhololo, kudikira mphindi 15, kenako mamililita 2 m'katiriji. Wofulumira akathira osasungunuka bwino, katiriji imatsekeka. Ma module ayesedwe chaka chilichonse. Pa kalicha ya m'madzi, machubu oipitsidwa ndi tizilombo tina amayembekezeka kukhala 8 mpaka 10 pa 100. Akachuluka, makhololo akuchedwa panjira kapena sakutsukidwa mokwanira, ndipo akachepa kwambiri musasangalale, chifukwa mwina mankhwala otsukira akupha ndi tizilombo ta TB tomwe. Magalasi a maikulosikopu asungidwe motsatana kuti wina awawerengenso asakudziwa zomwe woyamba analemba. Malabotale ofuna kuvomerezedwa amatsata muyeso wa ISO 15189, ndipo mu Africa ambiri amakwera pang'onopang'ono kudzera mu SLIPTA, ndondomeko younika ubwino wa malabotale yomwe imapereka nyenyezi mpaka zisanu.

Ndi ziti zomwe zimaiwalika pa bajeti?

Mgwirizano wokonza makina chitsimikizo cha wogulitsa chikatha, wonena kuti module yakufa isinthidwe m'masiku angati. Makatiriji a chaka chilichonse, omwe pakapita zaka zochepa amadya ndalama kuposa makinawo, ndipo amatha mphamvu akaitanitsidwa ambiri nthawi imodzi. Kuphunzitsa anthu awiri kapena atatu pa labotale, chifukwa mmodzi akasamutsidwa makina amaima. Kutaya makatiriji ogwiritsidwa kale ntchito, omwe ali ndi mankhwala oopsa ofunika kutenthedwa m'ng'anjo yamoto waukulu, osati m'dzenje kuseri kwa chipatala. Zipatala zomwe si zaboma zilowenso m'dongosolo, chifukwa odwala ambiri amayambira kumeneko. Zipatsidwe timabotolo ndi mafomu, ziikidwe pa ulendo wa njinga, ndipo odwala awo alembedwe m'kaundula wa dziko.