Kuchokera pa chule mpaka pa thumba la unga: mmene makampeni a upulezidenti ayendera m'Zambia

Nyengo ya kampeni ikafika, mkangano wa pa Soweto Market kuno ku Lusaka sumasintha. Wina amati andale athu sadziwa china koma kutukwanana. Mnzake n'kuyankha kuti olakwa ndi ifeyo, chifukwa timawomba m'manja munthu akanyozedwa, koma nkhani ya feteleza ikayamba timabalalika. Mkanganowu ndaumva kuyambira ndili mnyamata ku Matero, ndipo mizu yake ili kutali kuposa Facebook imene ambiri amaiimba mlandu lero.

Mu Febuluwale 1972 boma linaletsa chipani cha UPP cha a Simon Kapwepwe, ndipo pofika Disembala chaka chomwecho a Kenneth Kaunda anali atasainira lamulo lakuti dziko likhale la chipani chimodzi, UNIP. Pa zisankho za 1973, 1978, 1983 ndi 1988, dzina la wofuna upulezidenti linali limodzi lokha. Munthu ankangosankha "inde" kapena "ayi". Akuluakulu akukumbukirabe pepala lija limene "ayi" chizindikiro chake chinali chule. Kwa zaka pafupifupi 19 panalibe mfundo za zipani ziwiri zoti munthu aziike pambali n'kuziyerekeza. Funso linali lakuti kodi munthuyu mukumufuna kapena ayi. Ndikuona kuti chizolowezi choyang'ana nkhope m'malo mwa ndondomeko chinamera pamenepo.

Komabe chimene chinagwetsa UNIP si mawu achipongwe. Unali unga. Mu Disembala 1986 anthu a ku Copperbelt anachita zipolowe mtengo wa unga utakwera. Mu Juni 1990 moto womwewo unabuka kuno ku Lusaka, anthu anafa, ndipo pa 30 Juni msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti boma lalandidwa, ngakhale zinatha m'maola ochepa. Pa 20 Julayi anthu anasonkhana ku Garden House Hotel, ndipo chipani chotsutsa cha MMD chinabadwira pomwepo. Kampeni ya 1991 inali ndi minyozo yake, a Kaunda mpaka ananyoza msinkhu wa a Frederick Chiluba. Koma amayi amene ankafola mizere ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira m'masitolo a boma sankafuna wina wowauza vuto la dziko. Pa 31 Okutobala 1991 a Chiluba anapeza mavoti oposa 75 pa 100 alionse, ndipo MMD inatenga mipando 125 mwa 150.

Chimene chinatsatira ndicho chimandiwawa kwambiri, chifukwa chimakhudza ife olankhula Chichewa. A Kaunda atabwerera m'ndale, boma la MMD linasintha malamulo oyendetsera dziko mu 1996 n'kuikamo ndime yakuti wofuna upulezidenti makolo ake onse awiri akhale a Zambia mwa kubadwa kapena mwa mbumba. Aliyense ankadziwa munthu amene ndimeyi inalembedwera. A Kaunda anabadwira ku Lubwa, ku Chinsali, mu 1924, koma bambo awo a David Kaunda anali mphunzitsi wa mpingo wochokera ku Nyasaland. UNIP inanyanyala chisankho cha Novembala 1996. Mu 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linafika pogamula kuti munthu amene analamulira dzikoli zaka 27 sanali nzika yake. Kunyoza munthu kunachoka pa nsanja ya msonkhano n'kukalowa m'buku la malamulo.

Mkondo umenewu sunasankhe pobaya. A Chiluba eniake anawatengera ku Supreme Court, otsutsa akunena kuti chiyambi chawo n'chokayikitsa, ndipo mlanduwo unatha mu 1998 mowakomera. Mu 2011 a chipani cha PF anapita kukhoti ponena kuti bambo a pulezidenti wa nthawiyo, a Rupiah Banda, anali a ku Malawi, koma sizinaphule kanthu. Pulezidenti Michael Sata wa PF atamwalira ku London pa 28 Okutobala 2014, wachiwiri wawo a Guy Scott anagwirizira mpando miyezi itatu koma ndime yomwe ija inawatsekera njira yopikisana nawo, poti makolo awo anali ochokera kunja. Inachotsedwa mu Januwale 2016.

Agogo anga aakazi anabadwira ku Mchinji, bambo anga ku Chadiza, ine ku Lusaka. Mabanja otere ndi ambirimbiri ku Chawama, ku Mtendere ndi ku Kalingalinga. Malire a pa Mwami anapeza Achewa ali kale mbali zonse, ndipo mpaka lero mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera ku Mkaika, ku Katete, kudzagwada kwa Kalonga Gawa Undi pa Kulamba. Choncho wandale akaima n'kunena kuti uje si wa kuno, mawuwo sagwera mdani wake yekha. Amagwera mayi wogulitsa tomato amene mayi ake anakwatiwa kuchokera tsidya lina. Ndinaona ndekha achibale akuleka kutchula kumudzi kwawo pagulu m'zaka zimenezo.

Mu 2001 minyozo inalowa m'thupi la munthu. A Levy Mwanawasa, amene ankaimira MMD pa chisankho cha chakacho, anachita ngozi yoopsa ya galimoto mu Disembala 1991, ndipo adani awo anatenga chilema chimene ngoziyo inawasiyira n'kuyamba kuwatcha kabichi. Anapambana movutikira, ndi mavoti pafupifupi 29 pa 100 alionse, a Anderson Mazoka a UPND ali pafupi kwambiri. Munthu wonyozedwa uja ndi amene mu 2002 anapempha nyumba ya malamulo kuti ichotse chitetezo cha a Chiluba kuti ayankhe milandu ya katangale, ndipo mu ulamuliro wake, mu 2005, Zambia inakwaniritsa zofunika kuti ngongole zake zambiri zakunja zikhululukidwe.

A Sata ndiwo amasokoneza onse ofuna kugawa andale m'magulu awiri, a mfundo ndi achipongwe. Lilime lawo linali lakuthwa, n'chifukwa chake ankatchedwa King Cobra, ndipo a Hakainde Hichilema a UPND ankawayerekeza ndi mwana wa ku sikelo pa ndale. Koma funsani aliyense wa ku Kanyama zimene a Sata analonjeza, adzakuuzani osaganiza kawiri: misonkho yotsika, ntchito zambiri, ndalama m'matumba, zonse m'masiku 90. Analankhulanso mosabisa za mmene ogwira ntchito ankasungidwira m'migodi ya anthu ochokera ku China, makamaka pambuyo pa kuphulika kwa fakitale ya zophulitsira miyala ku Chambishi mu Epulo 2005 kumene kunapha anthu ambiri. Mu 2011 wailesi ya kanema ya boma, ZNBC, inkaonetsa mapulogalamu owanyoza kwa miyezi. Otsatira awo anayankha ndi "donchi kubeba", kutanthauza kuti landira chitenje ndi ndalama, koma usawauze amene ukamuvotere. Pa 20 Sepitembala 2011 a Sata, amene anali atagonja katatu, anapambana.

Zisankho za 2015 ndi 2016 zinali zoipa pa mbali imeneyi. A Hichilema ankanenedwa kuti ndi a satana, kuti anadyerera pa kugulitsidwa kwa makampani a boma, kuti ndi a mtundu umodzi wokha. A Edgar Lungu a PF nawonso ankatchedwa chidakwa. Kwathu kum'mawa mawu akuti "wako ni wako" anamveka kwambiri, ndipo ndiyenera kuvomera kuti ife amene tinalira ndi nkhani ya makolo a Kaunda tinawalandira mosavuta. Makada, anyamata a chipani, analanda masiteshoni a basi ndi misika. Mu 2015 a Lungu anapambana ndi mavoti osakwana 28,000.

Pofika 2021 minyozo ya mitundu inafika poti Electoral Commission of Zambia inaimitsa a Chishimba Kambwili a PF kuchita kampeni kwa kanthawi. Koma mu Novembala 2020 dziko linali litalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole ya Eurobond, kwacha inali itagwa, ndipo achinyamata omaliza maphunziro anali pakhomo. Pa 12 Ogasiti 2021 a Hichilema, atagonja kasanu, anapeza mavoti oposa 2.8 miliyoni, a Lungu 1.8 miliyoni. Katatu konse boma lasintha chipani m'dziko lino, mu 1991, 2011 ndi 2021, ndipo ulendo uliwonse wotsutsa amene ananyozedwa kwambiri ndiye anapambana, pamene m'khitchini munali mutavuta.

Zina mwa zimene zinalonjezedwa mu 2021 zinachitika: fizi inachotsedwa m'sukulu za boma mu Januwale 2022, ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo mu Disembala 2022 lamulo lomanga munthu chifukwa chonyoza pulezidenti linafafanizidwa. Zina sizinayende, makamaka mtengo wa unga, ndipo chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. M'minibasi za ku Kulima Tower anthu anayamba kutumizirana pa WhatsApp mavidiyo akale a misonkhano ya kampeni, aja otchula mtengo wa unga ndi wa feteleza, n'kumawayerekeza ndi mitengo yolembedwa pa zitseko za magolosale.