Nthaka ya Mangochi ikuyenda, koma chikhadabo chikuiposa liwiro

Tsiku lina ndikuboola thanthwe kumapiri a kumtunda kwa Namwera, gogo wina anaima pambali n'kumandiyang'ana kwa nthawi ndithu. Kenako anafunsa kuti, "Achimwene, mwalawu wakulakwirani chiyani?" Nditawauza kuti ndikufuna kudziwa ngati mwalawo ukuyenda, anaseka mpaka kukhala pansi. Sindinawadabwe. Iwo anabadwa n'kuupeza pomwepo, ndipo ali ndi zidzukulu mwala uli pomwepo.

Komatu ukuyenda. Pamwamba pa dziko lapansi si chinthu chimodzi chogwirana, ndi mapale akuluakulu ngati a mtsuko wosweka, ndipo phale lililonse likusuntha palokha. Ife a ku Mangochi tili pamng'alu penipeni. Kumadzulo kuli phale lalikulu lotchedwa Nubia, lomwe lanyamula mbali yaikulu ya Africa; kummawa, cha ku Mozambique, kuli laling'ono lotchedwa Rovuma. Awiriwa akutalikirana, ndipo nthaka ya pakati inatitimira n'kukhala chigwa. M'chigwamo ndi mmene muli nyanja ya Malawi, yozama mamita pafupifupi 700 cha kumpoto, komanso Malombe ndi Shire. Mukamakwera msewu wokhotakhota wopita ku Namwera, mukukwera khoma la chigwa chimenechi.

Kutalikiranaku ndi kwa mamilimita awiri kapena kucheperapo pachaka. Chikhadabo chanu chimakula kuposa pamenepo pamwezi umodzi wokha. Ndiye munthu angayeze bwanji kanthu kochepa chotere?

Ife oyeza kayendedwe ka nthaka timagwiritsa ntchito GPS yomweyi imene ili m'foni mwanu, kusiyana kwake ndi chida ndi kuleza mtima. Masetilaiti a GPS amazungulira dziko kawiri patsiku ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo iliyonse imaulutsa mosalekeza pamene ili ndi nthawi imene yatumiza uthengawo. Chida cha pansi chikamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo chimawerengera pamene chaima. Foni imaphonya ndi mamita angapo, zomwe zilibe vuto ngati mukufuna kupeza loji ku Monkey Bay. Ife sitingalole kuphonya kotere. Timakhomerera kachitsulo m'thanthwe lenileni, osati m'dothi, chifukwa dothi la m'dambo limatupa ndi mvula n'kufota ndi dzuwa. Pamwamba pake timaikapo anteni yooneka ngati mbale yovundikira, batire ndi sola, n'kuzisiya zikulemba usana ndi usiku.

Ntchito yowawa ili pakompyuta. Uthenga wa setilaiti umachedwa ukamadutsa mumlengalenga, makamaka kumtunda kumene dzuwa limautakasa, ndiye chida chimamvetsera mafunde awiri osiyana kuti kuchedwako kuchotsedwe. Chinyezi nacho chimachedwetsa. Komanso nthaka imapuma motsatira nyengo: dzinja madzi akachuluka m'nthaka ndi m'nyanja, kulemera kwake kumaitsitsa pang'ono, chilimwe n'kubwereranso. Amene anaona nyanja ikulowa m'malo ogona alendo mu 2024 akudziwa kuchuluka kwa madzi amene ndikunena. N'chifukwa chake wina akandionetsa zoyeza za miyezi isanu ndi umodzi n'kumati wapeza liwiro la chigwa, ndimangogwedeza mutu. Pamafunika zaka zitatu kapena kuposerapo kuti kayendedwe kenikeni kaonekere pakati pa kukwera ndi kutsikaku.

Palinso china. Africa yense akuyenda chakumpoto chakummawa masentimita oposa awiri pachaka, Mangochi ndi Lilongwe limodzi. Zimenezo sizing'amba nthaka, monga anthu okhala m'bwato limodzi sasiyana ngakhale bwato lithamange. Chimene timafuna ndi kusiyana kwa kayendedwe pakati pa chida cha kummawa ndi cha kumadzulo. Ngati zida ziwiri zotalikirana makilomita 100 zikutalikirana ndi mamilimita awiri pachaka, ndiye kuti miyala ya pakati ikukokeka ngati mphira ya legeni.

Mphira ikakokedwa kwambiri imafyatuka. M'ming'alu ya pansi miyala imakhala yomatirirana, siitsetsereka tsiku ndi tsiku. Mamilimita awiri aja amangosonkhana, ndipo pa zaka 500 afika mita yathunthu. Ikalephera kupirira imasuntha kamodzi n'kamodzi, ndiye chivomerezi chimenecho. Cha ku Salima pa 10 Malichi 1989 chinapitirira 6 pa muyeso wa zivomerezi, chinapha anthu ndi kugwetsa nyumba zambiri. Ku Karonga mu Disembala 2009 zinabwera motsatizana. Kufupi ndi ife, kuchokera cha ku Mtakataka kutsikira ku Bilila, kuli mng'alu wotalika makilomita oposa 100 umene ungathe kubweretsa chachikulu kuposa zimenezi.

Anthu amandifunsa tsiku lake. GPS siinena tsiku, ndipo wokuuzani tsiku akukunamizani. Imanena kumene mphira ikukokeka ndi liwiro lake, zomwe n'zothandiza kwa womanga mlatho, sukulu kapena nyumba ya njerwa zomangira dothi yopanda lamba wa simenti pamwamba pa mawindo.

Kachitsulo ka ku Namwera kaja sikanakhalitse. Nditabwerera patatha chaka ndinapeza dzenje, thanthwe litaswedwa ndi nyundo. Mphekesera inali itafala yoti pansi pake tinabisapo mekyule.