Wikendi ya ana osaka ndi mfuti ku Wisconsin: bwanji alenje a uta nawonso amavala olenji?

Chaka ndi chaka ikafika Okutobala mkangano wake ndi omwewu. Mlenje wa uta wakhala akudikirira gwape wake kuyambira pakati pa Seputembala, wadziwa njira yomwe amadutsa, wamanga nsanja yake mumtengo, kenako mmawa wa Loweruka lina akungomva phuu! mfuti yalira kutsidya kwa munda wa chimanga. Ana ayamba. Nde funso lomwe timalandira ife ophunzitsa alenje ndi loti, kodi ine wa uta ndisiye kusaka masiku amenewa? Yankho ndi ayi, pitilizani, koma malamulo a zovala amasintha masiku amenewa ndipo ambiri amagwidwa pomwepa.

Ku Wisconsin, limodzi mwa madera a dziko la America, nyengo ya uta ndi yaitali, imayamba pakati pa Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale. Nyengo yaikulu ya mfuti ndi masiku 9 okha mu Novembala, kuyambira Loweruka loti holide ya Thanksgiving, ya chakumapeto kwa mweziwo, isanafike. Koma boma linapatula masiku awiri, Loweruka ndi Lamulungu chakumayambiriro kwa Okutobala, oti ana a zaka 15 kutsika mmunsi asake agwape ndi mfuti akuluakulu asanadzaze nkhalango. Masiku awiri amenewa amagwera mkatikati mwa nyengo ya uta, ndipo palibe amene amaimitsidwa.

Mwana sapita yekha. Ngati anamaliza kosi ya chitetezo cha alenje, pamafunika wamkulu wa zaka 18 kupita mmwamba yemwe akumuona ndi maso komanso atha kulankhulana naye pakamwa, osati pa foni, ndipo wamkulu mmodzi asapitilire ana awiri. Ngati kosiyo sanapange, kapena sanakwane zaka 12, nde wamkulu akhale pafupi penipeni, poti atatambasula dzanja amugwira, ndipo pamenepa ndi mwana mmodzi basi. Wamkuluyo saloledwa kuombera gwape ndi mfuti masiku amenewa. Kunamizira mwana pomwe wakoka ndinu bambo ake, umenewo ndi mlandu. Lamulo losaka moyang'aniridwali linayamba mu 2009 likulola ana kuyambira zaka 10, kenako mu 2017 Gavanala Scott Walker anasaina lamulo lochotseratu malire a zaka. Anthu anakangana nalo kwambiri, ineyo maganizo anga ndi oti nkhani si zaka koma ngati mwanayo amamva mukati "dikira".

Tsopano za olenji. Nthawi iliyonse yomwe kusaka agwape ndi mfuti kwatsegulidwa, olo akhale masiku awiri a anawa, mlenje aliyense kupatula osaka abakha ayenera kuvala zowala za olenji, zomwe amazitcha blaze orange, zokwana theka la zovala zake kuyambira mchiuno kupita kumtunda. Mukavala chipewa nachonso theka lake likhale lowala. Pinki yowala inaloledwanso mu 2016, Wisconsin ndi yomwe inayamba zimenezi ku America konse. Ndipo ngati mwabisala mukachisakasa ka pansi pa malo a DNR, nthambi ya boma yoona zachilengedwe, kunja kwake kukhale kansalu kowala kosachepera masikweya inchi 144, kooneka mbali zonse, chifukwa vesti yanu ili mkati palibe akuiona.

Alenje a uta zimawanyansa ndipo ndimawamvetsa. Luso lawo lonse ndi kubisala, zovala zamawangamawanga, kupaka nkhope, kusamba sopo wopanda fungo, chifukwa muvi umafuna gwape afike pafupi, mayadi 20 kapena 30 basi. Koma chipolopolo cha mfuti ya agwape chikaphonya chimatha kuuluka kupitilira kilomita, nde taganizani mwana wa zaka 11 mtima ukugunda, manja akunjenjemera, waona chinachake chikugwedeza tchire mmawa kusanayere bwino, ndipo chinachakecho ndinu mukutsika mumtengo mutavala ngati chitsamba. Anawa timawaphunzitsa kuti usakoke usanadziwe chomwe ukuloza ndi chomwe chili kuseri kwake, koma phunziro limagwira bwino ngati winayo akuoneka.

Mantha oti olenji athamangitsa agwape ndi okokomeza. Maso a gwape saona olenji ndi zofiira ngati mmene timaonera ife, kwa iye zimaoneka zotuwa kapena zachikasu chozilala, mtundu womwe amaugwira msanga ndi buluu. Chomwe chimakuululani ndi kutakataka ndi fungo lanu mphepo ikatembenuka. Jinzi ya buluu ija ndiyo yoopsa kuposa vesti.

Dandaulo lina ndi loti kulira kwa mfuti kumabalalitsa agwape, ayamba kuyenda usiku okha. Pali choona pang'ono, makamaka pa malo a boma pomwe anthu amachuluka. Koma ana osaka wikendi imeneyi ndi ochepa kuyerekeza ndi khamu la mu Novembala, ndipo nthawi yomwe a uta amaidikira kwambiri, yomwe agwape amphongo amathamangitsana ndi aakazi osasamala chilichonse, imafika kumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, anawo atabwerera kale kusukulu.

Nanga boma likuvutikiranji? Ndalama. Ntchito yosamalira nyama zakutchire ku America imadalira kwambiri malaisensi a alenje ndi msonkho wa lamulo la Pittman-Robertson la 1937, womwe ndi 11 peresenti pa mfuti zazitali, zipolopolo komanso mauta, ndipo pogawa ndalamazi amayang'ana kukula kwa dera ndi chiwerengero cha ogula laisensi. Kafukufuku wa boma anapeza alenje 13.7 miliyoni ku America konse mu 2011, pofika 2016 anatsika kufika 11.5 miliyoni. Ana akapanda kulowa, thumba limaphwa, ndipo malo omwe a uta amasakapo amasamalidwa ndi thumba lomwelo.

Madeti enieni amasuntha chaka chilichonse, nde onani kabuku ka DNR ka chaka chimenecho musanakwere mtengo. Ndipo mukaoloka malire kupita ku Minnesota kapena Michigan musatengeko malamulo a Wisconsin, kumenekonso kuli masiku a ana koma madeti, zaka ndi zovala ali ndi zawozawo.