Ritalin si mankhwala ogonetsera mwana

"Adokotala, mum'patseko mankhwala oti afatse. Ngakhale ogonetsa, bola ndipumeko." Mawu amenewa ndawamva katatu sabata ino yokha kuno ku Chipata, ndipo mayi wachitatu anali ndi botolo la Piriton, mankhwala a ziwengo amene amagonetsa, m'kachikwama, lotsala pang'ono kutha. Tisanamalize n'kupatsana moni komwe, mwana wawo wa zaka 7 anali atakwera kale pa bedi lopimira, watsika, watsegula kabati, wamwaza thonje pansi.

Amayiwa sindikuwadzudzula. Amene sanalerepo mwana wotere asayankhule. Chandikwana ine ndi ganizo limene lili kuseri kwa pempholi, loti mankhwala a ADHD, vuto limene limachititsa mwana kulephera kukhazikika, kutchera khutu ndi kudziletsa, ntchito yake ndi kufooketsa mwana kuti akhale duu ngati nkhuku yonyowa. Mankhwala amene timagwiritsa ntchito kwambiri, methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Ritalin, sagonetsa ayi. Amadzutsa ubongo. Ndikangonena choncho kholo limatong'ola maso: "Mwana ali kale ngati mbuzi yodula chingwe, inu mufuna mumuonjezere mphamvu?"

Tiyeni tikhale pa mbuzi pomwepo. Mbuzi zikalowa m'munda wa eni, vuto silikhala loti mbuzizo zili ndi mphamvu zambiri. M'busa ndiye wagona pansi pa mtengo. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, kuseri kwa chipumi, ndiyo m'busa: imauza mwana kuti dikira kaye, maliza ichi usanayambe icho, usadumphire pamsewu. Uthenga wa m'mbali imeneyi umayenda ndi timadzi totchedwa dopamine ndi noradrenaline. Methylphenidate imachititsa kuti timadzito tikhalitse pakati pa minyewa m'malo mobwezedwa msanga. Mbuzi zimakhala zomwezo, koma m'busa wadzuka. Piriton amagonetsa m'busa ndi mbuzi zomwe, ndipo kwa ana ena amachita zosiyana, mwana n'kupulupudza kuposa kale.

Musaganizenso kuti ndi mankhwala oyeserera pa ana a anthu akuda, monga anandiuzira bambo wina wa ku Kapata. Mu 1937 dokotala Charles Bradley wa ku Rhode Island, ku America, anapatsa ana Benzedrine, mankhwala enanso odzutsa ubongo, pofuna kuchepetsa mutu umene unkawapweteka, n'kudabwa kuona kuti ambiri ayamba kukhazikika ndi kugwira ntchito ya m'kalasi. Methylphenidate inapangidwa mu 1944 ku Basel ndi Leandro Panizzon wa kampani ya Ciba, ndipo dzina la Ritalin analitenga kwa mkazi wake, Rita. Mwa ana khumi amene alidi ndi ADHD, pafupifupi asanu ndi awiri amathandizidwa nayo. Piritsi wamba amayamba kugwira pakatha mphindi 30 kapena 45, n'kutha mphamvu pakatha maola atatu kapena anayi. Ilipo mitundu ina, ngati Concerta, imene imagwira mpaka maola 12. Mphamvuyo ikatha, mwana amabwerera m'mene analili. Sachiritsa, ndipo wina aliyense wokulonjezani kuti ADHD aichotsa yonse, kaya ndi mizu, kaya ndi madzi odalitsa, kaya ndi makapisozi a pa WhatsApp, akungofuna ndalama zanu za mtedza.

Pali mnyamata wina amene mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Anabwera naye agogo ake aakazi kuchokera cha ku Chadiza, ali ndi zaka 8, akubwereza giredi 2. Wanzeru ndithu: anandifotokozera bwinobwino m'mene amatcherera mbewa ndi m'mene amasiyanitsira mauna ake. Koma m'kope lake munalibe tsamba limene anafika nalo pansi. Ndinamupima makutu, maso, magazi, ndinafunsa za kukomoka, ndinawerenga kalata ya aphunzitsi ake, amene analemba mwaulemu kwambiri kuti atopa. Ndinamuona kawiri, kenako ndinalemba kalata yoti akaonedwe ndi katswiri ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama, ku Lusaka, kuti ngati n'koyenera ayambe mankhwala.

Sanapite. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi ndalama ya basi, chifukwa Lusaka ndi kutali, makilomita oposa 500 pa Great East Road. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ndalamayo inapezeka, koma amalume ake, amene ndiwo eni mbumba, anakana. Winawake anawauza kuti Ritalin ndi chamba cha azungu, mwana akayamba sadzasiyanso, adzakhala woledzera moyo wake wonse. M'malo mwake anamutengera kwa sing'anga amene anati analodzedwa ndi mkazi wachiwiri wa bambo ake. Kenako kwa mneneri amene anamusalitsa kudya masiku atatu kuti chiwanda chituluke. Pakati pa zonsezi, chikwapu.

Anabweranso ali ndi zaka 13, osati kwa ine koma ku wodi ya ovulala, mwendo utathyoka pawiri. Anadutsa msewu akuthamanga osayang'ana, njinga yamoto n'kumuomba. Sukulu anali atasiya kale mu giredi 4. Pachifuwa ndi m'chipumi munali mphini zambirimbiri. Nditamufunsa ngati akundikumbukira, anaseka n'kunena kuti, "Ine ndine wosamva, adokotala, ngakhale mankhwala sangandithe." Mwendowo unapola. Mawu amenewa ndiwo amandiwawa, chifukwa si ake. Anawamva kwa akuluakulu zaka zisanu mpaka anawatenga kukhala dzina lake. Ndimadzifunsabe ngati ndinalakwa kulankhula ndi agogo okha, podziwa bwino kuti kwathu kuno nkhani ya mwana simaidula popanda amalume. Masiku ano ndimafunsa poyamba pomwe kuti, "Amene adzavomereze zimenezi kunyumba ndani? Mubwere nawo."

Za chamba cha azunguzo, tiyeni tinene zoona zake. Methylphenidate ndi mankhwala otetezedwa ndi lamulo. Ali pa m'ndandanda wa pangano la United Nations la mu 1971 lokhudza mankhwala osintha maganizo, ndipo kuno kwathu a ZAMRA, oyang'anira za mankhwala, ndi a DEC, olimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, sangakusekerereni mukapezeka nawo popanda chikalata cha dokotala. Munthu wamkulu akhoza kuwagwiritsa ntchito molakwika. Koma mwana amene akumwa mlingo wolembedwa ndi dokotala saledzera, ndipo kafukufuku sanaonetse kuti mankhwalawa amamukankhira ku mowa kapena chamba akadzakula. Mwana wa ADHD wothamangitsidwa sukulu, amene tsiku lonse ali pa siteshoni, ndiye amene ndimamuopera.

Ndiye musathamange kukagula. Ana ambiri amene amabwera nawo kwa ine akuti "ali ndi ADHD" alibe. Amene ali nayo ndi pafupifupi asanu mwa ana 100 alionse, ndipo kuti tinene kuti ndi imeneyi, zizindikiro ziyenera kukhala zitayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zitatha miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo zikuoneka m'malo oposa amodzi. Wovuta kusukulu kokha koma kunyumba amasenda chimanga dengu lonse osadzuka, ameneyo funsani za kusukuluko. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 makalasi anadzaza, ndipo mwana wokhala kumbuyo, amene khutu lake limatuluka mafinya, wachoka kunyumba osadya kanthu, adzaoneka wosatchera khutu ngakhale ubongo wake uli bwinobwino. Kulinso khunyu la mtundu wina limene mwana sagwa pansi, amangoti phee kuyang'ana malo amodzi kwa kanthawi kochepa, n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Ndipo chimene anzanga ena a m'makiliniki amaiwala: phenobarbitone, amene timapatsa ana ambiri a khunyu, payekha amapangitsa ana ena kupulupudza koopsa. Kumeneko chofunika ndi kuonanso mankhwala a khunyuwo, osati kuunjikapo ena pamwamba. Ana amene anapulumuka malungo a mu ubongo nawonso tiziwayang'anitsitsa. Kafukufuku wa ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, anaonetsa kuti ana oterewa amadzakhala ndi khunyu ndi mavuto a khalidwe kuposa anzawo.

Mwana wosakwana zaka 6 sitimuyambitsa mankhwalawa. Timayamba ndi makolo ndi aphunzitsi: lamulo limodzi pa nthawi imodzi, kumukhazika kutsogolo m'kalasi, kumuyamikira pomwepo akachita bwino. Ngakhale kwa wamkulupo zimenezi sizisiyidwa chifukwa choti piritsi lapezeka.

Zovuta zake zilipo, ndipo ine sindizibisa. Chachikulu ndi kutha kwa chilakolako cha chakudya. Kumaiko kumene ana amanenepa mwina sichiwadetsa nkhawa kwambiri, koma kuno kum'mawa, kumene ana ambiri ndi opinimbira kale, ndi nkhani yaikulu. Mwana adye phala lokhala ndi nsinjiro kaye asanamwe piritsi, ndipo madzulo, njala ikabwerera, musamumane nsima yachiwiri. Timamukweza pa sikelo ndi kumuyeza msinkhu pafupipafupi, chifukwa ena amakula mochedwerapo. Akamwa madzulo sagona. Mutu ndi m'mimba zimapweteka masiku oyamba. Mtima umagunda mofulumirirapo ndipo BP imakwera pang'ono, choncho ngati mwana anakomokapo akuthamanga, kapena m'banja mwanu wina anafa mwadzidzidzi ali wachinyamata, nenani ngakhale sindinafunse. Ndipo ngati mwana wasanduka wozizira, wosaseka, wongoyang'ana pansi, musasangalale kuti wafatsa. Mlingo wachuluka, bwererani kwa amene analemba. Bungwe la WHO linakana kawiri, mu 2019 ndi 2021, kuika methylphenidate pa m'ndandanda wake wa mankhwala ofunikira kwambiri, ponena kuti umboni wa ubwino ndi kuipa kwake pa zaka zambiri sunakwane. Akatswiri ambiri anatsutsa, ine ndili mbali yawo, koma zikuonetsa kuti si mankhwala ongomwetsa mwana n'kuiwala.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndikamva kuti wina wagawiridwa mapiritsi asanu ndi mnzake wa ku tchalitchi amene mwana wake amamwa, kapena waitanitsa kwa munthu wa pa Facebook amene akuti amabwera nawo kudzera pa malire a Mwami. Mwadziwa bwanji zimene zili m'kati mwake? Mtima wa mwanayo anaupima ndani? Ndipo ngati m'nyumba mulidi mapiritsiwa, akiyireni, chifukwa mkulu wake wa giredi 12 anamva kale kwa anzake kuti amathandiza kuwerenga usiku.

Mayi wa Piriton uja ndinawapempha kuti asiye botololo patebulo panga. Abweranso Lachinayi ndi makope a mwana, kadi yake ya ku sikelo, kalata ya aphunzitsi, ndiponso achimwene awo.